Kuliza ndi kusamalira injini ya dizilo ya basi yakale: chitsanzo cha Gardner 6LX

Ku Britain kuli mabasi ambiri amene anapuma pa ntchito yonyamula anthu zaka makumi angapo zapitazo koma akuyendabe, chifukwa anagulidwa ndi anthu okonda magalimoto akale, magulu a anthu ongodzipereka, komanso nyumba zosungiramo zinthu zakale monga Museum of Transport ya ku Manchester ndi London Bus Museum ya ku Brooklands. Mabasi oterewa amatuluka pa masiku a zionetsero, monga ulendo wa magalimoto akale onyamula anthu ndi katundu wochoka ku London kupita ku Brighton umene unayamba mu 1962, kapenanso akabwerekedwa pa ukwati, ndipo masiku ena onsewo amangokhala m'shedi. Vuto lagona pamenepa. Injini ya basi inapangidwa kuti izilira kuyambira mbandakucha mpaka usiku, tsiku ndi tsiku, ndipo zambiri zimene zimaiwononga lero zimabwera chifukwa chokhalitsa osayenda.

Kuti nkhaniyi imveke bwino ndi koyenera kutenga injini imodzi monga chitsanzo, ndipo palibe ina yoyenera kuposa Gardner 6LX. Kampani ya L. Gardner and Sons inali ndi fakitale yake ku Patricroft, kufupi ndi Manchester. Mu 1931 inatulutsa injini za mtundu wa LW, zimene zinathandiza kwambiri kuti makampani a mabasi asiye petulo ndi kuyamba dizilo, ndipo mu 1958 inatulutsa 6LX, ya masilinda 6 ndi malita 10.45, yotulutsa mahosipawa 150 ikamazungulira ka 1,700 pa mphindi. Mu 1966 kunabwera 6LXB, yofanana kukula koma ya mahosipawa 180. Manambalawa ndi ochepa kwa munthu wozolowera magalimoto a masiku ano, popeza kagalimoto kakang'ono ka malita awiri kangathe kutulutsa mphamvu yonga yomweyo, koma injini ya Gardner inkatamandidwa chifukwa chosamwa dizilo wambiri ndi kukhalitsa, ndipo kukhalitsako kunkachokera m'kuzungulira kwake kodekhako. Inaikidwa m'mabasi monga Bristol Lodekka, Guy Arab ndi Daimler Fleetline. Amene anali ku Blantyre kampani ya Stagecoach itagula United Transport Malawi mu 1989 angakumbukire mabasi osanjikiza a Daimler CVG6 amene anachokera ku Hong Kong; chilembo cha G m'dzina limeneli chikuimira Gardner. Kampani ya Gardner inagulidwa ndi kampani ya Perkins mu 1986 ndipo inasiya kupanga injini za magalimoto m'zaka za m'ma 1990, motero aliyense wosunga injini yotere lero akusunga chinthu chimene sichidzatulukanso m'fakitale.

Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mu silinda mpaka utachepa ka 14 kapena kuposerapo, mpweyawo n'kutentha kupitirira madigiri 500, ndipo dizilo akafayiridwamo kudzera mu nozulo amayaka yekha. Injini ya Gardner imafayira dizilo pamutu pa pisitoni penipeni, ndipo ilibe ngakhale mapulagi otenthetsera amene magalimoto ang'onoang'ono a dizilo amakhala nawo. Ndiye kuti kulira kwake kumadalira zinthu zitatu zokha: sitata izungulitse injini mwachangu, maring'i ndi mavavu asapisitse mpweya, ndiponso dizilo afike ku manozulo ali woyera, wopanda mpweya kapena madzi. Injini ikakana kulira, cholakwika chimakhala mwa zitatuzi, ndipo makaniko wodziwa ntchito amazifufuza chimodzichimodzi m'malo moumiriza sitata.

Kuliza basi imene yakhala miyezi ingapo kumayamba munthu asanakwere pampando wa dalaivala. Choyamba amayang'ana pansi pa basi kuti aone ngati pagwa oyilo, dizilo kapena madzi, ndipo kenaka amasolola ndodo yoyezera oyilo. Ambiri amangoona ngati oyilo wachepa, koma oyilo wochuluka kuposa mmene anasiyidwira ndi woopsa koposa, chifukwa zimasonyeza kuti m'sampu, chidebe cha oyilo cha pansi pa injini, mwalowa china chake. Akamanunkha dizilo ndiponso ali wopyapyala, ndiye kuti dizilo akuchucha mkati. Akaoneka wotuwa ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi a rediyeta apeza njira, kawirikawiri kudzera pa gasiketi ya hedi. Madzi a m'rediyeta nawonso amayang'anidwa, pamodzi ndi malamba ndi mapaipi a labala, amene amauma ndi kung'aluka ngakhale basi isakuyenda.

Chotsatira ndi chimene anthu achangu amachidumpha, ngakhale kuti ndicho chingapulumutse injini yonse. Isanakhudzidwe sitata, injini imene yakhalitsa iyenera kuzungulitsidwa ndi manja, ndi chitsulo chachitali, maulendo awiri athunthu, chifukwa pamafunika maulendo awiri kuti silinda iliyonse idutse magawo onse anayi a ntchito yake. Cholinga ndi kutsimikiza kuti mulibe madzi m'silinda ina iliyonse. Mpweya umapanikizika koma madzi sapanikizika, ndipo ngati mvula inalowera ku ekizozi kapena gasiketi inkadontha pang'onopang'ono nyengo yonse yozizira, sitata idzakankhira pisitoni pa madziwo ndi kupinda chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kirankishafuti. Dzanja limamva kuti chinachake chatsekereza ndipo limasiya, pamene sitata ilibe nzeru zotere. Apa injini zambiri za Gardner zili ndi mwayi, popeza pa mahedi ake pali timikono totsegulira mavavu kuti mpweya usapanikizike, ndipo tikakwezedwa injini imazungulira mopepuka. Timikono timeneti ndi totsalira ta masiku amene injini za LW zinkalizidwa ndi chogwirira chamanja, koma lero timagwira ntchito ina yabwino: munthu angathe kuzungulitsa injini ndi sitata popanda kuiliza, mpaka oyilo atakwera kufika ku mabeyaring'i amene anauma pa nthawi yokhalayo.

Magetsi a mabasi amenewa ndi a mavoliti 24, ochokera m'mabatire awiri a mavoliti 12 kapena anayi a mavoliti 6, ndipo pali siwichi yaikulu imene imadula magetsi onse basi ikaimikidwa. Batire limafooka kukazizira, nthawi yomweyo imene oyilo amakhala wolimba ndipo injini imafuna mphamvu yochuluka, ndiye batire limene linaliza basi bwinobwino mu Ogasiti lingathe kulephera m'chisanu cha Januwale ku Britain. Limodzi likafooka, onse amakhala ngati afooka. Nthawi zambiri cholakwa si batire lenilenilo koma mitu yake imene yachita dzimbiri loyera, kapena waya wopita ku chasisi amene wamasuka, ndipo kupala malo amenewa ndi ntchito ya mphindi zochepa. Tisaiwale kuti basi ngati Daimler CVG6 siilizidwa pokankha monga tichitira ndi minibasi, chifukwa pamalo pa kilatchi ili ndi gudumu lodzaza oyilo limene silingatumize bwino mphamvu kuchoka ku matayala kubwerera ku injini pa liwiro la anthu okankha.

Kukakhala kozizira, dalaivala amadina kachitsulo kamene kali kumapeto kwa pampu ya dizilo, kamene kamalola pampuyo kupereka dizilo woposa muyeso wa nthawi zonse, ndipo injini ikangolira kachitsuloko kamabwerera kokha. Giya imaikidwa pa nyutulo, buleki yamanja n'kukokedwa, kenaka n'kudina batani la sitata. Sitata siyenera kugwiridwa kupitirira masekondi 10 kapena 15 pa nthawi imodzi, ndipo imafunika kupumitsidwa isanayesedwenso, popeza mawaya a mkati mwake amatentha msanga. Injini ikagwira, maso onse amapita pa geji ya oyilo. Muvi wake uyenera kukwera m'masekondi ochepa, ndipo pa 6LX umakhazikika cha pa 35 psi injini ikatentha ndi kumazungulira bwino. Ukapanda kukwera, injini izimitsidwe pomwepo, popanda kudikira kuti mwina ukwera, chifukwa mphindi imodzi yopanda oyilo ndi yokwanira kuti injini inoke.

Utsi wa m'mawa umaopsa munthu amene sanaonepo Gardner ikulira kozizira. Umatuluka woyera, wambiri, wolasa m'maso, ndipo anthu amene ankagwira ntchito m'madepoti a ku Britain amaukumbukira bwino, chifukwa mabasi ambiri akalizidwa pamodzi m'nyengo yachisanu munthu sankaona kutsogolo. Utsiwu ndi dizilo amene sanapse chifukwa makoma a silinda adakali ozizira, ndipo umatha injini ikayamba kugwira ntchito. Uwu si matenda. Koma utsi woyera wosatha injini itatentha, makamaka madzi a m'rediyeta akamachepa, umaloza ku gasiketi. Utsi wabuluu motuwa ndi oyilo amene akupsa, wodutsa pa maring'i kapena m'njira za mavavu, pamene utsi wakuda ndi dizilo wochuluka kuposa mpweya umene ulipo, ndipo umachokera ku fyuluta ya mpweya yotsekeka, manozulo odontha, kapena pampu imene wina anaisokoneza pofuna mphamvu yowonjezera. Chifukwa cha utsi womwewu, zitseko za shedi zimatsegulidwa injini isanalizidwe.

Pali mankhwala opopera a ether amene amagulitsidwa m'zitini kuti athandize injini yovuta kulira, ndipo pa iwo osunga mabasi sagwirizana. Mankhwalawa amayaka msanga kuposa dizilo, nthawi zina pisitoni isanafike pamwamba, ndipo kugogoda kumene kumamveka ndi nkhonya yeniyeni pa maring'i ndi mabeyaring'i. Amakaniko amati injini ikawalawa imawazolowera. Chitsulo sichizolowera kanthu, koma mawuwa ali ndi choonadi chake, popeza maring'i akasweka mpweya umapisa, ndiye injini siingalirenso popanda mankhwalawo. Kwa ine, Gardner yofuna ether kuti ilire ikunena kuti pali chimene chalakwika, ndipo chitinicho chimangobisa cholakwikacho kwa miyezi ingapo.

Injini ikamazungulira mwamphamvu koma ku ekizozi osatuluka utsi ngakhale pang'ono, ndiye kuti dizilo sakufika, ndipo kawirikawiri imakhala kuti yakoka mpweya. Pa basi imene yakhalitsa, dizilo amabwerera pang'onopang'ono ku thanki ngati pali kampata kakang'ono pa mfundo ya paipi kapena pa labala ya fyuluta, kampata koti dizilo sangadonthe koma mpweya ungalowe. Mpweyawo ukafika mu pampu umangofinyika ndi kubwerera, osakankha dizilo mpaka kutsegula nozulo. Pouchotsa amayambira kufupi ndi thanki kumka ku injini: amamasula kabawuti ka pamwamba pa fyuluta, n'kumapopa ndi kamkono ka pampu yokokera dizilo mpaka thovu litatha ndipo dizilo akutuluka yekhayekha, amamanga, kenaka amachita chimodzimodzi pa pampu yaikulu. Pa injini zina pamafunika kumasulanso mapaipi a ku manozulo ndi kuzungulitsa ndi sitata, koma pampu ya Gardner ili ndi kamkono pa silinda iliyonse, ndipo munthu amakakoka mpaka atamva kuti kalimba ndiponso nozulo yalira kuti kwii, zimene zimasonyeza kuti dizilo wafika. Timikono tomweti timathandizanso kupeza silinda yodwala, chifukwa injini ikulira munthu angathe kuzimitsa silinda imodziimodzi, ndipo imene kuzimitsa kwake sikusintha kaliridwe ka injini ndiyo siikugwira ntchito. Pa ntchito yonseyi dzanja lisayandikire kukamwa kwa nozulo kapena paipi yong'aluka, popeza dizilo wotuluka pamenepo angathe kuboola khungu, ndipo bala lake, ngakhale lioneke laling'ono, limafuna chipatala mwamsanga.

Dizilo weniweniyo ndi nkhani ina, chifukwa amene akugulitsidwa lero si amene injiniyi inapangidwira. Wa ku Britain ali ndi sulufule wochepa kwambiri, ndipo amaloledwa kusakanizidwa ndi mafuta ochokera ku zomera mpaka magawo 7 pa 100 alionse. Mafuta a zomerawa amakoka chinyezi, amawonongeka msanga akakhalitsa, ndiponso amadya mitundu ina ya labala yakale. M'thanki yosadzaza, chinyezi cha mumpweya chimasanduka madontho pa makoma usiku, madonthowo n'kutsikira pansi, ndipo pamalire a madzi ndi dizilo pamaswana tizilombo tosaoneka ndi maso timene timapanga matope akuda oterera. Basi imalira bwino m'shedi, koma ikayenda makilomita ochepa matopewo amavunduka ndi kutseka fyuluta, n'kuima pamsewu ndi akwati ali momwemo. Osunga mabasi ena amadzaza thanki kuti chinyezi chisapeze malo, ena amasiya dizilo wochepa kuti azithira watsopano kawirikawiri, ndipo njira iliyonse ili ndi kuipa kwake. Chimene onse amagwirizana ndi kukhetsa madzi a pansi pa thanki ndi kuyenda ndi fyuluta ina yosinthira. Palinso msampha wa nyengo: dizilo wogulidwa m'chilimwe cha kumeneko amaundana ngati phula kukazizira kwambiri, pamene wogulitsidwa m'nyengo yachisanu amakonzedwa kuti asatero.

Oyilo amasinthidwa potengera nthawi, kamodzi pa chaka, ngakhale basi itayenda makilomita ochepa chabe, chifukwa oyilo wogwiritsidwa kale ntchito amakhala ndi asidi ndi chinyezi zimene zimadya mabeyaring'i basi ili chiimire. N'chifukwa chake ndi bwino kusintha oyilo basi isanasungidwe, osati ikamatulutsidwa. Pa mtundu wa oyilo pamafunika kudziwa mbiri ya injiniyo. Injini imene yakhala zaka zambiri pa oyilo wakale wa SAE 30, wopanda mankhwala ambiri otsukira, imakhala ndi litsiro lomatirira mkati, ndipo oyilo wamakono wotsuka kwambiri angathe kulimatula lonse nthawi imodzi ndi kutseka tinjira ta oyilo. Injini imene yangomangidwa kumene ilibe vuto limeneli. Madzi a m'rediyeta nawo sayenera kukhala madzi okhaokha. Mankhwala oletsa madzi kuundana ndi ofunika ku Britain, kumene madzi oundana amang'amba buloko, koma ntchito yawo yachiwiri ndi kuletsa dzimbiri, ndipo ntchito imeneyi imatha mphamvu pakapita zaka ziwiri kapena zitatu ngakhale madziwo akuonekabe a mtundu wake.

Zotsalazo ndi za makaniko ndi buku la injini. Kamushafuti ya Gardner, chitsulo chotsegula mavavu, imayendetsedwa ndi tcheni cha mizere itatu chimene chimafunika kukungidwa pa nthawi yake, chifukwa chikakhwefuka nthawi yofayira dizilo imachedwa ndipo injini imafuka ndi kuchepa mphamvu. Mipata ya mavavu imayezedwa motsatira manambala a m'buku, manozulo amachotsedwa ndi kuyesedwa pa makina ake, ndipo pampu yaikulu ndi gavanala wake, chida choletsa injini kuthamanga mopitirira muyeso, siziyenera kukhudzidwa ndi munthu wongoyerekeza.

Chizolowezi chimene chimaoneka ngati chisamaliro koma chili chowononga ndi choliza basi kwa mphindi khumi sabata iliyonse ili m'shedi. Injini ya Gardner imataya kutentha kochepa kwambiri moti ikangolira osakoka kanthu siifika pa kutentha kwake koyenera. Dizilo wosapsa amatsuka oyilo pa makoma a masilinda ndi kutsikira m'sampu, makomawo amasalala ngati galasi mpaka maring'i osagwiranso bwino, nthunzi imasanduka madzi mu ekizozi ndi mu oyilo, ndipo mabatire amataya mphamvu yochuluka poliza kuposa imene amabwezeredwa m'mphindi khumizo. Ngati basi yalizidwa, iyende ndithu ulendo wokwanira kutenthetsa madzi ndi oyilo yemwe, wokhala ndi chitunda chimodzi kapena ziwiri kuti injini ikoke. Ngati ulendo wotere sungatheke, kuli bwino kuisiya osailiza, kungoizungulitsa ndi manja nthawi ndi nthawi ndi kumatchaja mabatire padera. Kudikira kofunika basi isananyamuke ndi kwa mpweya wa mabuleki, kuti geji ifike pamalo pake. M'mabasi a ku London monga Routemaster munali kachikwangwani kolembedwa STOP kamene kankalendewera pamaso pa dalaivala mpaka mphamvu ya mabuleki itakwana.

Kuzimitsa nako kuli ndi malamulo ake. Popeza injiniyi siidalira magetsi ikangolira, kudula siwichi sikuizimitsa, ndipo kungathe kuwononga makina otchajira mabatire. Imazima pokhapokha dizilo atadulidwa pa pampu, pokoka chingwe chozimitsira, kapena pa mabasi ena pokweza chopondera moto ndi chala cha phazi. Aliyense woliza injini imene yakhala zaka ayenera kutsimikiza kuti chitsulo cha mkati mwa pampu chimene chimachepetsa ndi kuwonjezera dizilo chikuyenda momasuka, chifukwa chikamatirira pa dizilo wambiri gavanala sangachibweze, ndipo injini imathamanga mopitirira muyeso mpaka kudziphwasula. Zoterezi zimachitikanso injini ikayamba kumwa oyilo wake womwe kudzera ku njira ya mpweya, monga pamene fyuluta ya mpweya yokhala ndi oyilo yadzazidwa mopitirira, ndipo pamenepo kudula dizilo sikuthandiza konse. Chotsala ndi kuimana mpweya. Amakaniko oliza injini yokhalitsa amayamba achotsa fyuluta ya mpweya, ndipo mmodzi amaima pambali ndi thabwa lolimba lokwana kutseka kukamwa kwa paipi yolowetsa mpweya. Nsanza siigwira ntchito imeneyi chifukwa injini imaimeza, ndipo chikhatho sichiyenera kuyesedwa n'komwe.